Likoma, boma la pakati pa madzi, ndi zisumbu zathu za pamtunda

Mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale, mauthenga amene timalandira kuchokera kwa inu amene munaphunzira pano amayamba kufanana. Wa ku Vubwi amatiuza kuti galimoto imene anali kuyembekezera yabwerera panjira chifukwa cha matope. Wa kuseri kwa mapiri a Mphangwe amati mtsinje wakhala wodzaza masiku atatu ndipo chikochikala sichingaoloke. Wa kumwera kwa Sinda amati tomato wake waolera m'mabokosi akudikira kuti madzi aphwe pa kamlatho. Onsewa amatsiriza ndi dandaulo limodzi, lakuti atsekeredwa. Pachifukwa chimenechi tafuna kuti m'kope lino tikambe za anthu amene madzi amawazinga chaka chonse, pakuti tikukhulupirira kuti mlimi wa kuno kwathu ali ndi kanthu koti atoleko kwa iwo.

Anthuwo ndi a boma la Likoma m'dziko la Malawi. Boma limeneli ndi zisumbu ziwiri, zimene anzathu a ku Malawi amakonda kuzitchula kuti zilumba: Likoma ndi Chizumulu. Zonse zili pa nyanja ya Malawi, koma zayandikira kwambiri gombe la Mozambique. Munthu ataima pa Likoma amaona mapiri a chigawo cha Niassa ndi mudzi wa Cobué pamtunda wosafika makilomita 10, pamene Nkhata Bay, doko la dziko lake lomwe, ili makilomita oposa 60 kumadzulo. Ngakhale madzi ozinga zisumbuzi ndi a Mozambique. Zimenezi zinachokera ku mapangano a Angerezi ndi Apwitikizi. Pangano la 1891 linapereka gombe la kum'mawa kwa Apwitikizi, ndipo ndi lomwelo limene linayala maziko a malire otilekanitsa ife ndi abale athu a ku Tete. Pangano la 1954 linadutsitsa malire pakati pa nyanja. Zisumbu ziwirizi zinatsala kwa Angerezi chifukwa amishoni a mpingo wa Anglican anali atakhazikikapo kale kuyambira mu 1885.

Likoma si wachilendo kwenikweni kwa ife a chigawo cha Kum'mawa. Bambo Leonard Kamungu, wansembe wa kunyanja amene anafika ku Msoro cha m'ma 1910 ndi kumwalira komweko mu 1913, anali wa mishoni imeneyo. Tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene chinayambika kumangidwa mu 1903 ndi kupatulidwa mu 1911, chikadalipo mpaka lero pamalo otchedwa Chipyela. Miyala yake inakumbidwa pachisumbu pomwepo, koma zambiri zomangira zinachita kuoloka madzi. Ndi mmene zinthu zakhala zikuyendera pa Likoma kuyambira kale: mwala ulipo, zina zonse zimabwera pa bwato.

Tiyeni tsono tiliyese bomali ndi muyeso wa mlimi. Chisumbu cha Likoma ndi masikweya kilomita pafupifupi 18, ndiye kuti mahekitala 1,800, kapena malima 7,200. Chizumulu ndi chaching'ono koposa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 14,500 m'boma lonse. Mukawagawira nthaka yonse anthu amenewa, pamodzi ndi matanthwe, mchenga wa m'gombe, manda, bwalo la ndege ndi malo a nyumba, munthu aliyense sakwanitsa lima imodzi. Ndipo nthakayo ndi ya miyala ndi mchenga, yomera milambe ndi mango, yosagwirizana ndi chimanga. Chimene chimachita bwinoko ndi chinangwa, ndipo nsima ya kondowole si yachilendo pambale. Chuma chenicheni chili m'madzi: usipa, utaka, kampango ndi nsomba zina. Chimanga, nkhuni, shuga, sopo, simenti ndi mafuta zimachokera kumtunda, zina ku Malawi, zina kutsidya la Mozambique. Sitima ya Ilala, imene inayamba ntchito mu 1951, ndiyo yakhala msewu waukulu wa anthu amenewa kwa zaka zoposa 70, kuima pa Likoma ndi pa Chizumulu paulendo wake wa mlungu ndi mlungu pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Ikaonongeka, kapena mphepo ya mwera ikawinduka m'miyezi yozizira, mitengo ya zinthu m'magolosale imakwera anthu akuona.

Kayendetsedwe kake nkosavuta kukafotokoza. Likoma ndilo boma laling'ono koposa onse 28 a ku Malawi, ndipo lili m'chigawo cha Kumpoto. Kale linali gawo la Nkhata Bay, mpaka pamene linapatulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mfumu yaikulu ndi imodzi, a Mkumpha. Kuli khonsolo, bwanamkubwa ndi maofesi a boma monga m'maboma ena onse, ndipo chipatala chachikulu ndi cha mpingo.

Pamenepa ndi pamene nkhani ya Likoma ikukumana ndi yathu. Ifenso tili ndi maboma obadwa posachedwa. Mu 2012, nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, Sinda inapangidwa kuchokera ku zigawo za Katete ndi Petauke, ndipo Vubwi inapatulidwa ku Chadiza. Anthu anakondwa, ndipo anali ndi chifukwa. Mayi amene kale amakwera galimoto kupita ku Petauke kapena ku Katete kukaonana ndi ofesi ya zaulimi, tsopano ali ndi ofesi ku Sinda. Mkulu wa ku Vubwi sachitanso kulowera ku Chadiza pa nkhani iliyonse. Sitikuchepetsa phindu limeneli. Likoma nayo inapindula pamene zosankha zina zinayamba kuchitikira pachisumbu pomwepo m'malo mwa kutsidya la nyanja.

Komatu pali chinthu chimene munthu wa ku Likoma sanganyengedwe nacho, chimene ife timanyengedwa nacho kawirikawiri. Tsiku limene Likoma inatchedwa boma, nyanja sinaphwe. Makilomita a ku Nkhata Bay sanachepe, nthaka sinasanduke katondo, ndipo mwera sunaleke kuwomba. Palibe wa pachisumbupo amene anayembekeza zotero, chifukwa madzi amaoneka ndi maso. Ife madzi athu saoneka bwino. Mu Ogasiti, pamene magalimoto ali mdipiti wa ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, msewu uliwonse umaoneka ngati msewu, ndipo mlimi amasankha mbewu zake ngati kuti chaka chonse ndi Ogasiti. Febuluwale akafika, mudzi womwewo umasanduka chisumbu. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ife tinalira boma, ndipo tinalilandira, koma matope a panjira anatsala pomwe anali.

Vubwi ndiye chitsanzo choonekeratu. Boma limeneli lili pangodya ya dziko, Malawi mbali ina, Mozambique kumwera, mapiri pakati, ndipo anthu ake, amene kalembera wa 2022 anawapeza opitirira 50,000, amafika ku Chipata movutika nthawi ya dzinja. Mofanana ndi Likoma, midzi ina ya kumeneko ili pafupi ndi misika ya dziko lina kuposa ya dziko lake. Katete ndi Sinda zili ndi mwayi wa msewu waukulu wa Great East, ndipo Katete ilinso ndi msewu wa ku Chanida. Koma tala amathandiza amene ali pafupi naye. Mukapatuka makilomita 30 kulowa m'midzi, mupeza zisumbu zambiri zimene mapu sazionetsa.

Chimene tikunena nchakuti mlimi adziwe kuti amakhala pa chisumbu chotani, ndipo alime monga munthu wodziwa zimenezo. Taonani chimene msodzi wa ku Likoma amachita ndi usipa wake. Sauika m'dengu uli wauwisi kuti akaime nawo padoko kudikira sitima. Amauyanika pathandala, kapena amaufutsa kaye kenako nkuuyanika, chifukwa adziwa kuti sitima ibwera tsiku lake, ndipo mwina ichedwa. Malonda ake ndi otha kudikira. Ife chaka ndi chaka timaona ophunzira akutuluka pano ndi mtima wa tomato ndi kabichi, chifukwa anaona mnzawo wa m'mbali mwa tala ku Sinda akupha ndalama. Mnzawoyo ali padoko. Galimoto zimadutsa pakhomo pake usana ndi usiku. Koma amene dimba lake lili kuseri kwa mitsinje iwiri yopanda milatho akubetcha ndi mvula, ndipo mvula siluza kawirikawiri. Kwa iyeyu nshawa, soya, nyemba, mpendadzuwa ndi anyezi woumitsidwa bwino ndizo usipa wake, pakuti zimakhala m'thumba miyezi osaonongeka. Mbuzi ndi ng'ombe nazo zili ndi ubwino wake, zimayenda zokha kupita kumsika. Tomato alime wa pakhomo ndi wa msika wa pafupi, kapena amuyembekezere chilimwe pamene njira zatseguka. Ndiwo zamasamba zotsala zipite pa mphasa zikhale mfutso, monga anachitira agogo athu amene sankadikira galimoto ya munthu.

Wina atha kumva ngati tikuti mudzi uliwonse uzidzidalira pa zonse, osagula kanthu kunja. Ayi. Likoma singathe kudzidyetsa, ndipo ikanayesa ikanafa ndi njala. Imakhala ndi moyo chifukwa cha malonda. Chimene imachita bwino ndi kudziwa chimene chikutuluka ndi chimene chikulowa, popeza zonse zimadutsa pamalo amodzi anthu akuona. Thumba lililonse la chimanga lotsika m'sitima limaoneka, dengu lililonse la nsomba lokwera limaoneka. Kwathu kuno katundu amatuluka mwakachetechete, meda imodzi lero, thumba limodzi mawa, panjinga ya wogula woyendayenda, ndipo palibe amene amaphatikiza. Tikanakhala ndi doko limodzi, tikanachita manyazi ndi zimene tikanaona. Tikanaona chimanga chikutuluka mu Meyi pamtengo wotsika, ndi kubwerera mu Januwale chili ufa wa m'thumba pamtengo wokwera. Tikanaona mpendadzuwa ukutuluka wosayenga, ndi kubwerera uli mafuta ophikira a m'botolo, pamene chikamba chake, chimene chikanadyetsa nkhumba ndi nkhuku zathu, chatsala kwa woyengayo. Tikanaona soya akupita, chakudya cha nkhuku chikubwera. Ulendo uliwonse wa zinthu zimenezi, popita ndi pobwera, amalipira ndi mlimi.

Chilala cha 2023 mpaka 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, chinatiphunzitsa mbali ina ya nkhaniyi. Pamene chimanga chinapsa m'minda, mabanja amene anali ndi kandolo, chinangwa, mapira kapena dimba lamadzi anapuma mosiyana ndi amene anali ndi chimanga chokha. Chinangwa timachipeputsa kuno, timachiyesa chakudya cha ana ndi cha panjira. Pa Likoma ndicho nkhokwe ya pansi pa nthaka, yodikira mwini wake mpaka tsiku limene sitima yalephera kubwera. Mizere ingapo ya chinangwa kumalire kwa munda sifuna fataleza ndipo siilanda chimanga malo ambiri. Vuto lake ndi mbuzi ndi nkhumba zomasulidwa chilimwe, ndipo nkhani imeneyo ndi ya nyakwawa ndi mudzi wonse, osati ya mlimi mmodzi.

Pali chinanso chimene Ilala imachita mosadziwa. Popeza imabwera tsiku lodziwika, imasonkhanitsa anthu ndi katundu wawo pamalo amodzi nthawi imodzi. Ife tilibe sitima, koma tingathe kudzipangira tsiku la sitima. Wogula sangaononge galimoto yake pamsewu wa mapiri chifukwa cha matumba atatu a nshawa. Akabwera chifukwa cha atatuwo, mtengo wa ulendo wonse adzauchotsa pa inu. Koma matumba 300 oyezedwa, osankhidwa bwino, ali m'shedi imodzi pa tsiku logwirizana, amaitana ogula oposa mmodzi, ndipo pamenepo mlimi amayamba kulankhulako za mtengo. Tinene mosabisa: makopaletivu ambiri a kwathu amadzuka nthawi ya fataleza wa FISP ndi kugonanso fatalezayo akangogawidwa. Kopaletivu yotere ili ngati doko lotsitsa katundu lokha, losakweza kanthu. Inu amene munaphunzira kulemba mabuku a munda ndinu oyenera kuigalamutsa nthawi yokolola.

Tibwere ku nkhani ya magawo a kayendetsedwe ka boma, imene ophunzira ambiri amaiyesa ya mayeso a kusukulu basi. Pa Likoma munthu savutika kudziwa khomo loti agogode, pakuti boma ndi limodzi laling'ono ndipo mfumu yaikulu ndi imodzi. Kwathu magawo ndi ambiri ndipo sagwirizana malire. Pali boma ndi khonsolo yake. Pali dera la phungu wa Nyumba ya Malamulo: pa chisankho cha 2021 Katete inali ndi Mkaika ndi Milanzi, Sinda inali ndi Sinda ndi Kapoche, Vubwi inali ndi limodzi. Pansi pake pali mawadi ndi makhansala. Unduna wa zaulimi uli ndi magawo akeake, mabuloko ndi makampu, kampu iliyonse ndi mlangizi wake. Ndiye pali maufumu, amene ndi akale kuposa zonsezi: a Mbang'ombe, a Kawaza, a Kathumba, a Nyanje, a Pembamoyo ku Vubwi. Ufumu wa a Kawaza uli mbali zonse ziwiri, ku Katete ndi ku Sinda, ndipo wa Kalonga Gawa Undi umadutsa malire a maiko atatu.

Khomo lililonse lili ndi zake. Nkhani ya malo, malire a munda, msipu ndi ziweto zoononga mbewu imayambira kwa nyakwawa ndi kukwera kwa mfumu. Kulembetsa m'kaundula wa alimi, matenda a mbewu ndi mbozi za m'chimanga ndi za mlangizi wa pakampu. Kamlatho, shedi, dibi la ng'ombe ndi chitsime zimadutsira ku komiti ya chitukuko ya m'wadi, chifukwa ndiyo njira yopita ku thumba la CDF. Timakumana ndi alimi aluso amene amadziwa mtunda wa pakati pa maenje a gamphani mpaka pa sentimita, koma sadziwa dzina la wadi yawo kapena tsiku limene komiti imakumana. Otere amadandaula kwa mlangizi za mlatho ndi kwa khansala za mbozi, kenako nkunena kuti boma silimva.

Ndipo ndalama zilipo zoti nkuzilondola. Thumba la CDF linali K1.6 miliyoni pa dera lililonse la phungu mpaka 2021. Mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 linafika K36.1 miliyoni. Ndalama zimenezi zili ndi ntchito zambiri, masukulu, zipatala, maphunziro a ana, ngongole ndi mphatso za magulu, ndipo zonsezo nzofunika. Koma maganizo athu ndi akuti kwa mudzi umene umasanduka chisumbu dzinja lililonse, chinthu choyamba kupempha ndi pooloka. Kamlatho kamodzi pamalo oyenera kamatumikira wodwala wopita ku St Francis kapena ku Nyanje, mwana wa sukulu, fataleza wobereketsa amene akachedwa milungu iwiri ntchito yake yatha, ndi thumba lililonse lotuluka m'mudzimo. Gulu likalandira ndalama za nkhuku koma njira yopita kumsika ili yoduka, nkhukuzo zidzadya phindu lake zili m'khola. Tikudziwa kuti ena satsatira maganizo amenewa, ndipo amati mlatho sudyedwa pamene mphatso ya gulu imafika m'manja. Tikuwamva. Koma kukangana kumeneku kuyenera kuchitikira m'msonkhano wa wadi, alimi ali momwemo, osati pa chigayo msonkhano utatha.

Tisachoke pa Likoma tisanatchule chofooka chake, chifukwa nachonso nchathu. Boma lodalira chinthu chimodzi limagwedezeka chinthucho chikagwedezeka. Nsomba za m'nyanja ya Malawi, makamaka chambo, zakhala zikuchepa pamene asodzi ndi maukonde akuchuluka, ndipo achinyamata ambiri ophunzira a pa Likoma akhala akuchoka kukafuna ntchito kumtunda kuyambira nthawi ya amishoni. Ife nyanja yathu ndi nthaka, ndipo nayonso ikutopa pansi pa chimanga cha chaka ndi chaka. Ku Vubwi kwabweranso golide, amene amakoka anyamata kuchoka m'minda nthawi imene khasu likuwafuna. Sitikudzudzula munthu wofuna ndalama. Tikungoti munda wosiyidwa mu Disembala sudikira kuti mwini wake abwere kumgodi.

Chifukwa cha zonsezi, tikupempha aliyense wa inu amene muli m'maphunziro tsopano kuti musanatuluke pano mujambule mapu a kwanu papepala limodzi. Muikepo mudzi, munda ndi dimba. Mitsinje ndi madambo amene mumadutsa popita ku tala. Malo amene galimoto imathera mu Febuluwale. Shedi, chigayo ndi msika wa pafupi. M'mphepete mulembe dzina la wadi, la kampu, la mfumu ndi la boma lanu. Kuseri kwa pepalalo mulembe zonse zimene banja lanu linagulitsa chaka chatha ndi mwezi umene linagulitsa, ndiponso zonse zimene linagula ndi mwezi wake. Inu amene munatsiriza kale, chitani chimodzimodzi ndipo mubwere nalo pepalalo pamene mudzatichezera, kapena mulijambule pafoni mutitumizire. Pokonza dongosolo la mbewu za chaka chamawa tidzayambira pa mapu amenewo, ndipo funso loyamba kwa aliyense lidzakhala la masiku angati pachaka amene galimoto singafike pakhomo pake.